Nasra Alibe Gulu

Nasra ndi mtsikana wa Sitandade 3. Ndi mlendo pa sukulu ya ku Ngala. Bambo ake anasamuka ku Liwaladzi kutsatira usipa.

Pa sukuluyi pali matabuleti. M'matabuleti muli mabuku. Nasra ankafuna kuwerenga buku la mvuu. Ankafunanso kuti tabuleti imutchule dzina.

Nasra analemba dzina lake. Tabuleti inalilandira. Koma buku la mvuu silinatseguke.

Analembanso. Buku silinatseguke.

Ikram, mnzake wa pa desiki, anaseka. "Mlendo iwe, ingolowa ndi dzina langa."

Nasra analowa ndi dzina la Ikram. Buku linatseguka. Anawerenga tsamba loyamba. Anayankha funso bwinobwino.

Tabuleti inati, "Wakhoza, Ikram!"

Ikram anali akudya chinangwa. Sanawerenge kanthu. Nasra anamusiyira tabuleti.

Anapita kwa Madamu Thokozire, aphunzitsi ake. Madamu anati mayina onse amasungidwa m'kompyuta ya sukulu. Dzina la Nasra linalimo. Koma linali lokha. Linalibe gulu.

Madamu anati gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Gulu la ophunzira limawerenga mabuku. Gulu la aphunzitsi limaona mayankho a ana. Gulu la oyang'anira limalowetsa anthu m'magulu.

"Ndilowetseni, Madamu," anatero Nasra.

"Sindingathe, mwanawe. Ine ndili m'gulu la aphunzitsi basi."

"Ngakhale ndinu aakulu?"

"Kompyuta siyang'ana msinkhu. Imayang'ana gulu."

M'gulu la oyang'anira munali ahedi, a Ibrahimu. Ana ambiri ankaopa ofesi yawo. Nasra anagogoda.

"Odi! Ine ndine Nasra. Ndilibe gulu."

Ahedi anayang'ana pa kompyuta. Anati analemba dzina la Nasra tsiku la Lachisanu. Ankathamangira ku mzikiti. Gulu analiiwala.

Anadina pa dzina la Nasra. Anadina pa gulu la ophunzira a Sitandade 3.

Nasra anabwerera m'kalasi. Analemba dzina lake. Buku la mvuu linatseguka. Anawerenga mpaka tsamba lomaliza.

Tabuleti inati, "Wakhoza, Nasra!"

Kunyumba anapeza amayi ake akuyanika usipa pa thandala.

"Amayi, tsopano ndili m'gulu la owerenga."

"Wachita bwino," anatero amayi. "Kuno uli m'gulu la oyanika. Woyang'anira ndine. Lowa."

Nasra anaseka. Anayamba kutembenuza usipa. Uku akutembenuza, anawafotokozera amayi nkhani yonse ya mvuu.