A Suti Alanda Seva ya Malemu

Maluwa a pamanda anali asanafote n'komwe pamene a Suti anabwera kudzayendera nyumba ya mng'ono wawo ngati munthu wofuna kuigula. Anali mkulu wake wa malemu, bambo wa mimba yotsogola amene ankavala suti ngakhale popita kukagula buledi, mpaka dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Kumbuyo kwawo kunali amayi awo, atakumbatira chikwama pachifuwa ngati akulowa m'phanga la akuba.

Anawatsegulira ndi mkazi wa malemu. Kubanja la mwamuna wake ankamutcha Mawaya. Dzinalo analiyambitsa ndi mwamuna wakeyo, moseka, tsiku limene anamupeza atagona chagada pansi pa tebulo akulumikiza makompyuta. Koma likamatuluka m'kamwa mwa apongozi ake, linkatuluka ngati malovu.

Mawaya ndi mwamuna wake analemba pulogalamu yothandiza timasitolo ta mankhwala kudziwa mankhwala amene akutha ndi amene atsala pang'ono kutha mphamvu. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aitenge mwaulere, aone mmene inalembedwera, ndipo akafuna aikonze. Chimene chinkawadyetsa chinali kuisamalira. Mwamunayo ankayenda kukakambirana ndi eni masitolo n'kumakonza ndondomeko ya ntchito, pamene Mawaya ankayang'anira seva, kompyuta yaikulu yakuda imene inkang'ung'udza m'kachipinda ka kumapeto, momwe masitolo onsewo ankasungira zinthu zawo.

A Suti anakhala pampando wa malemu asanauzidwe n'komwe.

"Mlamu, tisazungulire ayi. Kampani ija inalembetsedwa m'dzina la malemu, ndipo ife ngati banja takhala pansi. Kuyambira lero dayilekita ndine. Ndapeza kale anthu ofuna kugula pulogalamuyo. Chofunika n'choti muichotse pa intaneti, tiitsekere, isamangotoledwa ngati mango akugwa okha."

Mawaya anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. Bambo ameneyu ankabwera ndi foni yake kuti amuchepetsere voliyumu. Kuseka kunamutuluka kokha.

"Ukuseka?" anakalipa apongozi. "Mwana wanga wapita ndi nthenda ya mtima chifukwa chogwirira ntchito dziko lonse ulere, iwe ukuseka? Unamupusitsa ndiwe. Anzake akumanga nyumba zosanja, iye ali pano kugawa nzeru ngati mchere wa pamaliro. Mkazi wanji wogona ndi makina, mwamuna akuwonda?"

"Amayi, mwana wanu ndi amene ananena kuti tiipereke kwa anthu. Ankanyadira nazo."

"Usandiphunzitse za mwana amene ndinabereka ndekha!"

Mawaya anatembenukira kwa a Suti. "Alamu, madzi akatayika saoleka. Pulogalamuyo ili m'manja mwa anthu ambirimbiri, ena anawonjezeramo zawo, ndipo chilolezo chake chimati ikhale ya aliyense. Mukufuna kugulitsa mphepo."

"Chizungu chambiri," anatero a Suti akuimirira. "Chumacho chili m'bokosi lakuda lija. Ndipatseni mapasiwedi."

"Mapasiwedi a kampani tengani. Koma zimene eni masitolo anasunga mmenemo si zanga, si zanu. Zimenezo n'zokhoma, ndipo sindigawa."

A Suti analowera kukachipinda kuja. Mawaya anawathamangira n'kuima pakhomo.

"Chonde, alamu, ndagwira mwendo. Mukazimitsa, masitolo onse achita khungu. Kuli odwala pamizere pompano. Ndipatseni masiku ochepa ndisamutse zinthu zawo, kenako bokosilo mudzatenge."

"Kuti mukhuthule chuma chonse, ine ndidzatenge chigoba? Ndinabadwa kale ine, mlamu."

Anamukankhira pambali ndi chigongono, anawerama movutikira chifukwa cha mimba ija, n'kuzula waya kukhoma. Kung'ung'udza kuja kunatha. M'nyumba monse munangoti zii. Mawaya anali asanamvepo nyumbayo ili chete chotero chikwatiwireni, ndipo misozi imene anaigwira pamaliro onse inatsika tsopano, yotentha, mpaka kukhosi.

"Eya, lira," anatero apongozi. "Mwamuna sunamulire, ukulira makina. Ndipo nyumba ino uyambe kuganiza kolowera."

Mawaya anapukuta nkhope ndi chikhatho. Analowa kuchipinda, analonga zovala zake ndi za mwana wake wamkazi amene anali kusukulu, anatenga laputopu yake. Potuluka anapeza a Suti atanyamula seva pamimba, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Foni ya kampani inali itayamba kale kulira patebulo. Anaitola n'kuwaikira m'thumba la jekete.

"Mwaiwala iyi. Ndi foni ya dayilekita."

Anamenyetsa chitseko mpaka galasi la pawindo linanjenjemera.

Mawaya anakafikira kwa mkulu wake wamkazi, m'nyumba ya pamwamba yokwera masitepe, momwe tebulo lodyera linasanduka ofesi. Eni masitolo anamupeza pa nambala yake, ndipo sanabwere ndi chipepeso. Mayi wina wa sitolo ya pafupi ndi chipatala anamulalatira mpaka foni kutentha.

"Ndabweza munthu wa shuga chifukwa sindikudziwa ngati mankhwala amene ndili nawo akadali ndi mphamvu! Maliro anu ndi anu, ife tilakwanji?"

"Simunalakwe, mayi," anayankha Mawaya. Anawauza zoona zake zonse, osabisa. Anawakumbutsanso kuti, monga anagwirizana poyamba paja, zinthu za sitolo iliyonse zinkakoperedwa tsiku ndi tsiku kumalo ena osungira. "Mukandilola, ndizibwezeretsa pa seva ina. Koma dziwani kuti kampani ija si yanganso."

"Ine ndimadziwa inu, osati kampani. Fulumirani."

Sizinayende ngati madzi. Eni masitolo ena anakwiya n'kupita kwina osabwereranso. Seva yobwereka inkakana izi ndi izo. Koma atalemba uthenga kwa anzake amene ankathandiza kukonza pulogalamuyo, anthu akutali amene anali asanaonanepo nawo maso ndi maso, mayankho anabwera ngati mvula. Wina anapereka malo pa seva yake, wina anagwira mbali yovuta, wina anangolemba kuti malemu ndi amene anamuphunzitsa ntchito, moleza mtima, ali wosadziwa kanthu. Mawaya anawerenga uthengawo kawiri n'kulira mwakachetechete, zala zili pa makiyi a laputopu. Pakutha pa sabata, masitolo otsalawo anali akuona.

Mwezi usanathe, masana ena, kunamveka kugogoda. Anali apongozi, ndipo kumbuyo kwawo a Suti, thukuta lili kamukamu, suti itamatirira kumsana, seva ili m'manja. Chivundikiro chake chinali chopindika, mawaya ali lendelende.

"Mlamu," anayamba a Suti akumwetulira ngati wogulitsa inshuwalansi, "magazi ndi magazi. Zija zinali za chisoni chabe."

"Ogula aja ali kuti?" anafunsa Mawaya.

Anayankha ndi apongozi, mokwiya, ngati wolakwa ndi Mawaya. "Anamuseka! Anatsegula foni pamaso pake n'kumuonetsa chinthu chomwecho chili poyera. Akuti chimene ankafuna ndi munthu wochisamalira ndi masitolo ake. Ndiye uyu anapita nalo bokosili kwa wokonza mawailesi kuti alitsegule."

"Kwa wokonza mawailesi," anabwereza Mawaya pang'onopang'ono, ngati akulawa chinthu chowola.

"Foni ija sindigona nayo," anadandaula a Suti. "Anthu akunditukwana, ena akuti akandisumira. Bwererani, mlamu. Mudzakhala wachiwiri wanga. Ine ndizingoyang'anira zapamwamba."

"Zapamwamba ziti, alamu? Denga?"

Mkulu wake wa Mawaya, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anaphulika nako kuseka mpaka kugwetsa supuni.

Apongozi anagwira chitseko. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati mayi wokalamba amene waika mwana m'manda. "Nyumba ija ili yokhayokha. Ndikalowamo ndimangomva fungo la mwana wanga. Bwerera, mwana iwe. Mdzukulu wanga ndamusowa."

Chisoni chinamugwira Mawaya, koma sichinafike pochotsa zimene anamva tsiku lija.

"Mdzukulu wanu sindikumanani, amayi. Lowani, ali mkatimu akulemba za kusukulu. Mukafuna kumuona, khomo ili n'lotsegula. Koma tsiku limene mudzanene pamaso pake kuti bambo ake anali chitsiru chogwira ntchito yaulere, lidzakhala lomaliza. Za nyumba ndi kampani tikakambirana kwa oweruza, chifukwa mwanayu ali ndi gawo lake. Kubwerera kokha, iwalani."

Apongozi anavula nsapato n'kulowa mwakachetechete, chammbali, ngati mlendo.

A Suti anafuna kutsatira, koma Mawaya anatchinga khomo ndi mkono.

"Inu ayi."

"Nanga ichi ndichite nacho chiyani?" anafunsa, akulimbana ndi kulemera kwa bokosilo.

"Ndi cholowa chanu, alamu. Munachilimbirana nokha. Potsika musamale, masitepewa ndi oterera."

Anatseka chitseko n'kukhoma. Panja panamveka kupuma kwa befu, kenako mapazi olemera akutsika pang'onopang'ono, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina.