Madzi Akuti Chiyani Lero?

Mildred anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'munsi mwa phiri la Nyambadwe. Masiku amenewo Blantyre anali wamng'ono. Sitima yapamtunda inali itangofika kumene. Mumsewu munkayenda ngolo za ng'ombe.

Mildred ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kudyanso pamphasa imodzi ndi Ababa ndi achimwene ake.

Kale ankadya pamodzi. Tsiku lililonse ankadya pamodzi. Madzulo belu la ku mishoni linkalira. Ngo! Ngo! Ngo! Amayi ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mabulosi. Aliyense ankabwera.

Anthu odutsa ankadabwa.

"Bambo kudya ndi ana?" ankatero. "Ndi mkazi yemwe?"

Amayi ankangoseka.

"Mphasayi ndi yaikulu," ankayankha. "Bwerani nanunso."

Amayi anali ndi nsambidwe. Inali mbale yadothi yosambiramo m'manja. Ankathiramo madzi. Ankaiika pakati pa mphasa.

Ababa ankayamba kusamba. Ababa ankaumba njerwa. Manja awo ankakhala ndi dothi. Madzi ankafiira.

"Madzi akuti chiyani lero?" Amayi ankafunsa.

"Akuti ng'ombe yaponda njerwa zanga zosauma," Ababa ankayankha. Ndiye ankafotokoza nkhani yonse.

Kenako ankasamba Stafford. Stafford anali mchimwene wake wa Mildred. Ankaphunzira kusindikiza mabuku ku mishoni. Zala zake zinkakhala ndi inki. Madzi ankada.

"Madzi akuti chiyani lero?"

"Akuti mbewa yagwera mu inki," Stafford ankayankha. "Yayenda papepala. Yalemba bwino kuposa ine."

Kenako ankasamba Mildred. Zala zake zinkakhala ndi mabulosi.

"Awa ndiyankha ndine," Stafford ankatero. "Akuti mbalame zagona ndi njala. Mildred wamaliza mtengo wonse."

Amayi ankasamba pomaliza. Manja awo ankakhala ndi ufa. Ufa unkayandama pamadzi. Unkaoneka ngati kamtambo. Kufiira, kuda, mabulosi ndi kamtambo zinkazungulira pamodzi. Zinkaoneka ngati thambo la ku Michiru dzuwa likamalowa.

Akatha kuona, ankapemphera. Akatha kupemphera, ankadya.

Nthawi ya mvula Amayi anadwala. Anadwala masiku ochepa. Kenako anamwalira.

Anthu ambiri anabwera. Analira. Anaimba. Kenako onse anabwerera kwawo.

Mphasa inapindidwa. Nsambidwe inavundikiridwa kuseri kwa chitseko. Belu linkalirabe madzulo. Ngo! Ngo! Ngo! Belu silinadziwe kanthu.

Tsopano aliyense ankadya yekha. Stafford ankaphika mbatata m'mamawa. Ankazisiya mumphika. Iye ankadya ataimirira. Mildred ankadya pakhomo. Mnzake anali nkhuku yakuda.

Nanga Ababa?

Ababa ankachoka m'mamawa. Ankabwera dzuwa likulowa. Ankalowa m'nyumba osayang'ana kumtengo.

"Ababa, mbatata zilipo," Mildred ankatero.

"Ndadya kale, mwanangu."

Mawa lake chimodzimodzi.

"Ababa, mbatata zilipo."

"Ndadya kale, mwanangu."

Koma malaya a Ababa ankakula. Khosi lawo linkachepa. Ankayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza mtolo. Mildred anachita mantha. Amayi nawonso anayamba ndi kuonda.

Tsiku lina masana kunatentha. Mildred anatenga nsambidwe ija. Anaipukuta fumbi. Anathiramo madzi. Anakhala nayo pansi pa mtengo.

Anayang'ana m'madzi. Anaona masamba. Anaona mitambo ikuyenda. Mtambo umodzi unaima. Unatsika pang'onopang'ono. Unasanduka manja awiri. Manjawo anali ndi ufa.

"Madzi akuti chiyani lero?" mawu anafunsa.

Anali mawu a Amayi.

"Sakunena kanthu, Amayi," Mildred anayankha. "Angokhala chete."

"Ndani wasambamo?"

"Palibe."

"Ndiye kaitane manja, Mildred. Kaitane manja."

Bulosi linagwera m'madzi. Thapwi! Mildred anadzuka. Mtambo uja unali kutali, pamwamba pa Ndirande.

Mildred anathamangira kunyumba yoyandikana nayo. Kumeneko kunkakhala mayi Halimatu. Anali mnzawo wa Amayi. Anawapeza akusenda nandolo.

"Odi, Mayi!"

"Lowa, mwanawe. Ukuthamanga ndani akukupirikitsa?"

"Palibe. Ndikufuna kuphika nandolo. Ndiphunzitseni."

Mayi Halimatu anamuyang'ana. Anayang'ana manja ake aang'ono.

"Ufuna kuphikira ndani?"

"Ababa. Akuti amadya. Koma ine sindiwaona akudya."

 Mayi Halimatu anamusendezera lichero.

"Khala apa. Senda. Wobiriwira yekha. Wa mphutsi uzipatsa nkhuku."

Mildred anasenda. Mayi Halimatu anasonkha moto. Mildred anathira mchere. Anathiranso wina mayi Halimatu atacheuka. Ankafuna kuti akome kwambiri.

Nandolo atapsa, Mildred anapita ku mishoni. Anadutsa mitengo yaitali ya bulugama. Anadutsa tchalitchi cha njerwa. Anafika kunyumba yosindikizira mabuku. Anasuzumira pazenera.

"Achimwene!"

Stafford anatuluka. Pamphuno pake panali inki.

"Iwe kadyamabulosi, watani kuno?"

"Belu likalira mubwere. Ndiyala mphasa."

Stafford anayang'ana pansi.

"Ayi, Mildred."

"Chifukwa chiyani?"

"Mphasa ija ili ndi ngodya zinayi. Ife tilipo atatu. Sindifuna kuona ngodya inayo."

Mildred anaganiza.

"Pamenepo ndiikapo nsambidwe," anatero.



"Ndaphika nandolo," Mildred anawonjeza.

"Iweyo? Waphika?"

"Eya."

"Ndiye ndibwera," Stafford anatero. "Wina ayenera kupulumutsa Ababa ku nandolo wako."

Anaseka pang'ono. Koma maso ake anali ofiira.

"Musasambe m'manja kuno," Mildred anatero. "Mubwere ndi inki yanu."

Madzulo anafika. Ngo! Ngo! Ngo!

Mildred anayala mphasa. Anaika mbatata. Anaika nandolo. Stafford anabwera. Anakhala pangodya yake.

Anadikira. Mthunzi wa mtengo unatalika. Kutali sitima inalira. Puuu! Utsi wake unakwera, nusungunuka.

Kenako Ababa anatulukira. Ankayenda pang'onopang'ono. Anaona mphasa. Anatembenuzira nkhope kumbali. Analunjika kuchitseko.

Mildred ananyamula nsambidwe. Inali yolemera. Madzi ankakhavukira pamapazi ake. Anafika pakhomo Ababa asanalowe. Anagwada. Anakweza nsambidwe ndi manja awiri.

"Madzi, Ababa."

"Ndadya kale, mwanangu."

"Sindinati mudye, Ababa. Ndati madzi."

Mildred sanadzuke.  Mwana akagwada ndi madzi, munthu wamkulu samudutsa. Ababa ankadziwa zimenezi.

Anawerama. Analandira nsambidwe. Anapita nayo pamphasa. Anaiika pangodya ya Amayi. Anakhala pansi. Anaviika manja awo m'madzi.

Mildred anasuzumira. Stafford anasuzumira.

Madzi sanafiire.

Ababa anatikita zala. Madzi sanafiire. Pansi pa nsambidwe pankaoneka bwinobwino.

"Madzi akuti chiyani lero?" Mildred anafunsa. Anafunsa motsitsa mawu.



"Ababa," Stafford anatero, "dothi lili kuti?"

Nkhuku yakuda inadutsa. Tsamba linagwa. Ababa anayang'ana manja awo.

"Madzi akuti sindinapite kuntchito," anatero. "Dzulonso sindinapite. Dzana sindinapite. Papita masiku ambiri."

"Nanga mumapita kuti?" Mildred anafunsa.

"Ku Mudi. Kumtsinje. Pali mwala umene amayi anu ankachapirapo. Ndimakhala pamenepo. Ndimaona madzi akupita."

"Mumadya chiyani?"

"Sindidya, mwanangu. Ndinkakunamiza."

Misozi ya Ababa inagwera m'madzi. Dontho. Dontho. Mildred anali asanaonepo Ababa akulira. Anasendera pafupi. Anagwira chala chawo chimodzi.

Stafford anakoka nsambidwe. Anasamba. Madzi anada.

"Madzi akuti chiyani lero?" Mildred anafunsa.

"Akuti inenso ndimalira," Stafford anatero. "Ndimalirira kuseri kwa makina. Amasokosera kwambiri. Palibe amandimva."

Ababa anaika dzanja paphewa lake.

Mildred anasamba. Mabulosi anasungunuka m'madzi.

"Akuti ndatopa kudya ndi nkhuku," anatero. "Imalanda. Ndipo siinena nkhani."

Stafford anaseka. Ababa anapukuta maso.

Onse atatu anayang'ana m'madzi. Munali kuda. Munali mabulosi. Kufiira munalibe. Kamtambo munalibe.

Ababa anadzuka. Analowa m'nyumba. Mildred anayang'ana kuchitseko. Kodi apita kukagona?

Ayi. Anatulukanso. Anali atafumbata kanthu. Unali ufa wa mudengu la Amayi. Anagwada. Anauwaza pamadzi.

Ufa unayandama. Unazungulira. Unasanduka kamtambo.

"Ndi kameneko," Mildred ananong'ona.

Anakayang'ana mpaka kanasungunuka. Kenako Ababa anapemphera. Pemphero linali lalifupi.

Mildred anasenda mbatata imodzi. Anaiika m'dzanja la Ababa. Ababa anaiyang'ana. Analuma pang'ono. Anatafuna. Anameza. Analumanso.

Kenako anatapa nandolo. Anatsinzina. Anatsokomola.

"Waphika ndani?"

"Ine," Mildred anatero.

"Mchere unatsalako kwa mayi Halimatu?"

"Ndinanena ine!" Stafford anafuula. "Ababa, thawani!"

Koma Ababa sanathawe. Anamwa madzi. Anatapanso nandolo. Anatapanso. Anadya mpaka mbale inayera.

M'mawa kutacha, Mildred anagwira dzanja lamanja la Ababa. Stafford anayenda kumanzere. Anawaperekeza koumbira njerwa. Nkhungu inali isanachoke paphiri. Udzu unali ndi mame.

Pafupi ndi mtsinje Ababa anaima. Anayang'ana njira ya kumwala kuja.

"Lamulungu tidzapita tonse," Stafford anatero. "Lero ndi kuntchito."

Ababa anagwedeza mutu. Anapitiriza ulendo.

Woyang'anira ntchito anali a Twaha. Anawaona ali patali.

"A Kingsford!" anaitana dzina la Ababa. "Ife timati mwakwera sitima! Mwaonda ngati bango, achimwene."

"Malo anga alipo?" Ababa anafunsa.

A Twaha anakanda mutu. Anayang'ana Mildred. Mildred sanaphethire.

"Chikombole chanu choumbira njerwa ndinapatsa wina," anatero. "Koma njerwa zake zikutuluka ngati zitumbuwa. Katengeni."

Ababa anapinda malaya. Analowa m'dothi.

Tsiku limenelo linatalika. Mildred anasenda nandolo. Mayi Halimatu anabisa mchere. Mildred anathyola mabulosi. Anayang'ana dzuwa. Anayang'ananso dzuwa.

Ngo! Ngo! Ngo!

Mildred anayala mphasa. Anaika nsambidwe pangodya ya Amayi. Pambali pake anaika kaufa pang'ono patsamba.

Stafford anafika. Ababa anafika. Sanapite kuchitseko. Anabwera molunjika kumtengo. Anakhala pansi.

Anthu awiri ankadutsa mumsewu.

"Bambo kudya ndi ana?" mmodzi anatero.

"Mphasayi ndi yaikulu," Ababa anayankha. "Bwerani nanunso."

Kenako anaviika manja awo m'madzi. Mildred anasuzumira. Kuchokera kuzala za Ababa kunatuluka kautsi kofiira. Kanafalikira. Kanadzaza nsambidwe yonse.

"Afiira!" Mildred anafuula. "Achimwene, taonani! Afiira!"

Ababa anamwetulira.

"Funsa tsono," anatero.

Mildred anakhala bwino. Anapinda miyendo ngati Amayi.

"Madzi akuti chiyani lero?"

"Akuti ndili ndi njala," Ababa anayankha. "Sambani msanga."