Chitini Cholembedwa TEA

Millicent anali mwana wa ku Chiosya. Ankafuna kuwaphikira tiyi bambo ake. Ankafuna kuphika yekha.

Kusukulu anali ataphunzira timawu ta Chingerezi. Basi, pakhomo anthu sankapuma. Pa wailesi ankawerenga ON. Ankawerenganso OFF. Pa thumba la feteleza ankawerenga KG. Ngakhale nkhuku zinatopa naye.

Tsiku lina bambo anali ku dimba. Ankakonza nazale ya fodya. Mayi anali ku chigayo.

Millicent anakwera pa mpando. Pamwamba pa kabati panali kachitini. Anawerenga pang'onopang'ono.

"T, E, A. Tiyi ameneyu," anatero.

Anatsegula. Munali tinthu tofiirira, ting'onoting'ono ngati mchenga. Anakhuthulira tonse m'ketulo ya madzi. Koma moto sankaloledwa kuyatsa. Choncho anadikira mayi ake.

Mayi anafika. Bambo nawonso anafika.

"Amayi, ndiyatsireni moto. Tiyi ndathira kale."

Mayi anaona kachitini kali pansi, kopanda kanthu. Anagwira pakamwa. Bambo anaona kachitini. 

"Mwana iwe, wathira zonse?" anafunsa mayi.

"Eya. Pajatu palembedwa TEA."

Bambo anakhala pansi. Mawu awo anatuluka motsika.

"Si tiyi ameneyo. Ndi mbewu ya fodya. Ndi ya munda wathu wonse. Ina ndilibe."

Millicent anachita mantha.  Misozi inayamba kutsika.

"Ababa, chitini chimanamanso?"

"Tiyi anatha kalekale," anatero mayi. "Pakhomo pano chitini sititaya."

Bambo anapisa chala m'ketulo. Anayang'ana Millicent.

"Madziwa sunawaike pamoto?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye mbewu ili moyo. Nyamula ketulo. Tiye ku dimba msanga."

Millicent anadabwa. Ketulo ku dimba? Koma ananyamula ndi manja awiri. Sanataye ngakhale dontho.

Ku dimba bambo anatunga madzi m'makheni othirira. Anatakasa m'ketulo ndi kamtengo. Anathira pang'ono m'kheni iyi. Anathira pang'ono m'kheni iyo.

"Mbewu ya fodya ndi yaing'ono kwambiri," anatero bambo. "Sitifesa ndi manja. Timafesa ndi madzi."

Millicent anadabwanso. Bambo anathirira bedi loyamba. Mayi anathirira lachiwiri. Millicent anathandiza kuphimba ndi udzu.

Masiku anapita. M'mawa wina bambo anamuitana. Anatukula udzu. Pansi panali timasamba tobiriwira, tambirimbiri. Mtima wa Millicent unakhala pansi.

Atabwerera kunyumba, mayi anayatsa mbaula.

"Lero uphikedi tiyi," anatero mayi.

"Nanga masamba ake ali kuti?"

Mayi anamupatsa chitini china. Millicent anawerenga. Panalembedwa JAM.

Anatsegula. Anayang'ana. Ananunkhiza. Kenako anawaonetsa bambo ake.

"Ameneyo ndiye tiyi," anatero bambo akuseka.

Millicent anaphika. Bambo anamwa makapu awiri.