Dzina la pa Mzere Woyamba

Izi sindinachite kumva. Zinandichitikira ine, dzuwa likuswa mtengo, ndipo bambo woyang'anira labu yathu ya makompyuta anaona ndi maso awo.

Ndimaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta pa yunivesite. Ophunzira ndimawauza kuti m'pulogalamu, chimene timati kalasi chili ngati chikombole, maobujekiti ndiwo njerwa zoumbidwa m'menemo. Chitsanzo chimene ndinkatchuka nacho chinali pulogalamu ya kaundula wa ophunzira. Koma sichinali changa. Anachilemba mtsikana wina wofatsa yemwe anzake ankamutcha Kachete. Ndinachikopera m'manotsi anga, n'kufufuta dzina lake pa mzere woyamba, n'kuikapo langa. Oyesa mayeso ataona kufanana, anati iye ndiye wandibera. Anamuchotsa sukulu ine ndili pomwepo, kukamwa kuli tseke. Patapita zaka ziwiri anamwalira. Kumaliro sindinapite, manyazi anandimanga miyendo.

Tsiku limene izi zinachitika, pulogalamu ija ndinkaionetsa pakhoma, ophunzira onse akuiona. Ndinaumba maobujekiti atatu, aliyense woimira wophunzira. Anatuluka anayi. Wachinayi analibe dzina.

Ophunzira anaseka. Nanenso ndinaseka, n'kuyesanso. Anayi.

Bambo a mu labu anazula waya wa netiweki, n'kundinong'oneza: “Aphunzitsi, palibe amene walowamo ayi.”

Kenaka mafani a makompyuta onse anangoti zii. Kunamveka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe miyezi itatu. Kumbuyo, mpando wopanda munthu unalira, kwii. Mabatani a kompyuta anayamba kugogoda okha. Tha. Tha. Tha.

Pakhoma paja, dzina langa linayamba kufufutika. Chilembo chimodzi. Chinanso. Mpaka mbee.

Kamzere kolembera kanaima pamenepo, kakuphethira. Kakudikira.

“Aphunzitsi,” anafunsa motsitsa mawu mtsikana wa kutsogolo, “kodi anailemba ndani?”

Dzina lenileni la Kachete ndimalidziwa bwinobwino. Linali pakamwa penipeni. Ndinayang'ana nkhope makumi anayi zija, zonse zondilemekeza. Ndinayamba kulemba.

Ndinalembanso langa lomwe lija, osati lake.

Wina anausa moyo pafupi ndi khutu langa. Mpando uja unakankhika. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, n'kudzitseka mwaulemu, ngati mmene amatulukira wophunzira wosafuna kusokoneza phunziro.

Bambo aja mpaka lero sandipatsa moni. Ine ndasakasaka mpata wina, ndayendetsa pulogalamuyo kambirimbiri ndili ndekha, ndikupepesa mokweza. Imayenda bwinobwino. Kachete sanabwerenso kudzandifunsa kachiwiri.