Mboni Yachitatu pa Mlandu wa Njinga Yofiira

Anakumana pa siteji ya basi tsiku lomwe Mzime ankapita kukayamba maphunziro a upolisi. Zipi ya chikwama chake inaphulika, mabuti atsopano n'kugwera pansi anthu onse akuona. Amene anawatola anali mnyamata wamtali, kamera ili pakhosi, yemwe aliyense pa sitejipo ankangomuitana Wazithunzi.

"Ngati apolisi ake ndi otere, ndimangeni lero lomwe," anatero uku akumupatsa mabutiwo.

Mzime anaseka mpaka kuiwala manyazi. Basi isananyamuke, nambala yake inali kale m'foni ya mnyamatayo.

Kusukulu kunali kowawa. Kuthamanga m'bandakucha, perete padzuwa, kenako kalasi ya zofufuza milandu. Amene ankaphunzitsa anali mayi wina wamfupi, wosaseka wamba, yemwe ophunzira anam'patsa dzina loti Mayi Waonanji. Ukangoyamba ndi "ndikuganiza kuti", iwo ankagogoda tebulo n'kukuuza kuti khoti silidya maganizo a munthu, limafuna zimene waona. Anawaphunzitsa kutchinga ndi chingwe malo amene pachitikira mlandu, kuvala magolovesi asanakhudze kanthu, ndi kusunga chilichonse chimene atola m'thumba lakelake lomata.

Lachisanu kalasi inkasanduka khoti. Ulendo woyamba Mzime ataima m'bokosi la mboni, mawu anamuthawa. Mayi Waonanji anamubwezera m'bokosimo mobwerezabwereza, mpaka anayamba kuyankha atadzutsa mutu.

Mzime akatopa, chomutsitsimula chinali mauthenga a Wazithunzi pa foni.

"Njiwa yanga, lero ndajambula ukwati, koma mkwatibwi sanafike ngakhale pa chala chako chaching'ono."

"Ukangomaliza maphunziro, ndikubwera ndi akuluakulu akwathu kudzaonana ndi bambo ako. Ndalumbira."

Tsiku lina anatumiza chithunzi atakhala pa njinga yamoto yofiira, yonyezimira. Pansi pake analemba kuti, "Ndagula kuti mkazi wanga asamadikirenso basi." Mzime anaonetsa anzake onse a m'chipinda. Mtsikana wake uti sakanakhulupirira?

Patapita nthawi Wazithunzi anati wapeza ntchito yojambula kutali, kumene netiweki ndi yovuta. Mauthenga anayamba kuchepa, koma Mzime anadziuza kuti mwamuna wolimbikira ndi wotero.

Ndiyeno linafika tsiku loti kalasi yonse ikaonere mlandu weniweni. Anakhala pa mabenchi akumbuyo, zipewa zili pamaondo. Mlandu unali wa mayi wina, telala, yemwe anaberedwa njinga yamoto imene ankaperekera mayunifomu m'masukulu. Kenako anaitana woimbidwa mlandu. Amene analowa m'bokosi anali Wazithunzi, atavala malaya omwe Mzime anam'gulira.

Telala uja anafotokoza nkhani yake. Anati mnyamatayu analonjeza kumukwatira, kenako anabwereka njinga n'kusowa nayo. Woimira boma atamufunsa chifukwa chimene anam'khulupirira chotero, mayiyo anayang'ana pansi.

"Ankanditchula kuti njiwa yake, bwana."

Anthu ena anaseka. Mzime anangogwira benchi ndi manja onse awiri. Kodi njiwa zake zinali zingati munthuyu?

Wazithunzi anakanitsitsa kuti njingayo sanaikhudzepo n'kamodzi komwe. Njinga inali isanapezeke, ndipo mboni ina, mlonda wa pa shopu ya telalayo, inangosokoneza masiku. Mlandu unaimitsidwa, ndipo zinkaoneka kuti mwina Wazithunzi apulumuka. Akutuluka, popeza anali pa belo, maso ake anakumana ndi a Mzime.

Mzime asanafike n'komwe kusukulu, foni inalira.

"Njiwa yanga, ndidzakufotokozera zonse. Ngati umandikonda, fufuta chithunzi chija."

Mzime anatsegula chithunzicho n'kuchikulitsa. Nambala ya njinga inkawerengeka bwinobwino, yomweyo imene anaimva ikutchulidwa m'khoti. Chala chake chinaima pamwamba pa foni nthawi yaitali. Akafufuta, palibe amene angadziwe. Akaulula, sukulu yonse imuseka kuti wapolisi wa mawa ankayenda ndi mbala, mwinanso kumuchotsa kumene. Nanga bambo ake, amene ankauza aliyense pamsewu kuti mzime wawo akukhala wapolisi, akawauza chiyani?

Anakagogoda ku ofesi ya Mayi Waonanji. Anafotokoza zonse misozi ili chuchuchu, akudikira kukalipiridwa. Mayiwo sanakalipe. Anavala magolovesi, anatenga thumba latsopano, n'kumuuza kuti aikemo yekha foniyo osakhudzanso batani lililonse. Atamata thumbalo anamukankhira mpando.

"Kupusitsidwa si mlandu, mwanawe. Mlandu ukanakhala kubisa. Tsopano khala pansi undiuze, waona chiyani?"

Tsiku la mlandu, Mzime analowa m'bokosi ngati mboni yachitatu. Analumbira, anatchula tsiku limene analandira chithunzi, anawerenga uthenga wa pansi pake, kenako uja womupempha kuti afufute. Sanawonjezere, sanachotsere. Loya wa Wazithunzi anaimirira akumwetulira, n'kumufunsa ngati siinali nsanje imene yamubweretsa, atadziwa kuti panali mkazi wina.

"Ndinamukonda, bwana woweruza, sindibisa," anayankha Mzime akuyang'ana kutsogolo. "Koma nambala ili pa njingayo sindinalembe ndine, ndipo tsiku la chithunzicho inasunga ndi foni, osati mtima wanga."

Loya anasanthula mapepala ake, n'kunena kuti alibenso funso.

Wazithunzi anapezeka wolakwa, ndipo pofuna kuti am'chepetsere chilango anaulula kumene anagulitsa njinga ija. Akumutulutsa unyolo uli m'manja, anayesa kuitana Mzime ndi dzina lija lokoma. Mzime sanacheuke. Anakalirira kuseri kwa khoti, atatsamira khoma, mpaka chifuwa kupweteka.

Kumeneko ndi kumene telala uja anam'peza. Anaima pambali pake, kenako anagwira phewa la yunifomu ya Mzime n'kupukusa mutu. Anati malaya amenewa akumukhwepa, munthu wotere sangamalize nawo maphunziro, abwere ku shopu adzamukonzere.

Mzime anapitadi. Telala anamukulunga tepi m'chiuno, mapini ali pakamwa.

"Imani mowongoka, mkazi mnzanga."

Anayang'anizana, n'kuphulika kuseka onse awiri mpaka mapini kugwera pansi.

Pa tsiku lomaliza maphunziro, Mayi Waonanji anaitana Mzime kutsogolo kudzalandira mphoto ya wophunzira amene anapambana pa kupereka umboni. Anayenda mabuti akulira pa simenti, yunifomu itamugwira ngati anabadwa nayo. Mtima unali ukadali ndi bala, koma mutu unali m'mwamba.

Pakati pa anthu, bambo ake, amene anali atamva nkhani yonse, anaimirira okha ena onse atakhala. Anamenya sawasha ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsika m'masaya, uku akugwedeza munthu wosamudziwa amene anakhala pambali pawo.

"Mwamuona ameneyo? Ndi mwana wanga!"