Boti Lovala Chitenje cha Loyce

Loyce amakhala ku Swang'oma, pafupi ndi nyanja ya Chilwa. Lero Loyce sakukhala pansi. Akudumpha. Akuimba. Akudumphanso.

Azakhali ake a Aliness akukwatiwa lero ku chilumba cha Chisi. Loyce akufuna kukavina pa ukwatiwo. Akufuna kukavina kutsogolo kwenikweni!

Azakhali anatumiza nsalu ya ukwati. Ndi yachikasu, ya maluwa ofiira. Achibale onse akavala nsalu yomweyo. Amayi anasoketsa diresi. Abambo ndi Ufulu, mchimwene wake wa Loyce, anasoketsa malaya. Loyce anapatsidwa chitenje. Wachipinda bwinobwino. Wachiika mu jumbo kuti chisanyowe.

"Tiyeni! Tiyeni!" akutero Loyce. "Ukwati utisiya!"

Onse akwera boti la abambo. Amayi akweza mbaula ndi mbatata. Ufulu wakweza mbuzi. Mbuziyo ndi mphatso ya azakhali. Dzina lake ndi Susu, chifukwa ndi yosusuka, imadya chilichonse.

Boti la abambo lili ndi thanga. Thanga ndi chinsalu chachikulu chogwira mphepo. Abambo analisoka okha ndi matumba a chimanga. Koma m'mabango thanga siligwira ntchito. Abambo alipinda. Aliika pansi. Akukankha boti ndi nsungwi yaitali.

Ufulu wamangirira Susu pafupi ndi thanga. Kenako waiwala za mbuzi. Ufulu ndi wotero, maso ake amakhala pa mbalame basi.

M'boti muli ngati kunyumba. Amayi aika mbaula m'beseni la mchenga. Akuotcha mbatata. Ufulu akukapa madzi ndi chigubu chodula. Loyce akuyang'ana kumbuyo. Phiri la Mulanje likuchepa, likuchepa.

"Abambo, tafika?"

"Ayi, Loyce. Tikadali m'mabango."

"Nanga pano tafika?"

"Iwe mwana, idya mbatata!" akutero amayi, akuseka.

Mabango atha. Taonani madzi! Madzi kutsogolo, madzi kumanja, madzi kumanzere. Mphepo ikuomba bwino.

"Ufulu, gwira chingwe!" akutero abambo. "Tikweze thanga!"

"Kokani! Kokani!" akukuwa Loyce.

Thanga lakwera. Koma mayo ine! Pakati pa thanga pali chibowo. Ndi chibowo chachikulu ngati lichero. Mphepo ikungodutsa. Boti laima.

Onse ayang'ana Susu. Susu akutafuna. Ulusi woyera ukulendewera pakamwa pake.

"Meee," akutero Susu.

"Matumba aja ankanunkhira chimanga," akutero amayi. "Ufulu, wamangirira mbuzi pambali pa chakudya chake!"

Ufulu wazyolika. "Pepani, abambo."

"Nanga nsungwi ija?" akufunsa Loyce. "Kankhani ndi nsungwi, abambo!"

Abambo apukusa mutu. "Ku Chisi ndi kutali, mwanawe. Ndi nsungwi tikafika anthu atabalalika."

Loyce akufuna kulira. Ukwati uwasiya. Sakavina.

Abambo atulutsa singano yosokera matumba. Avula malaya awo ogwirira ntchito. Awaika pa chibowo. Malaya achepa.

Amayi apereka chitenje chawo chakale. Abambo asoka. Akweza thanga. Mphepo yaomba. Kwee! Chitenje chakale chang'ambika.



Loyce wayang'ana jumbo lake. Walikumbatira. Muli chitenje chatsopano. Muli chitenje cholimba. Koma ndi chitenje chake cha ukwati. Sanachivalepo n'kamodzi komwe. Mtima ukumupweteka.

Kenako Loyce watsegula jumbo.

"Abambo, tengani ichi."

"Loyce, nanga ukavala chiyani?" akufunsa amayi.

"Tikafike kaye, amayi. Tikapanda kufika, ndichivalira ndani? Susu?"

Amayi amugwira paphewa. Abambo alandira chitenje ndi manja awiri.

Abambo akusoka. Loyce wagwira uku. Ufulu wagwira uko. Amayi agwira Susu, amugwira zolimba.

"Kokani! Kokani!"

Thanga lakweranso. Mphepo yaomba. Chitenje chafufuma. Chalimba! Boti lanyamuka!

"Tikupita! Tikupita!" akukuwa Loyce.

Boti likuthamanga. Madzi akuti waa, waa, m'mbali mwa boti. Mphepo ikuomba kumaso. Adutsa asodzi okhala m'tinyumba toyandama pamadzi. Asodziwo aimirira. Akuloza thanga. Akuseka.

"Boti latchena!" akukuwa msodzi wina. "Likupita kuti?"

"Ku ukwati!" akuyankha Loyce.

Chilumba cha Chisi chikukula, chikukula. Kenako akumva ng'oma. Kenako akumva nthungululu. Ukwati sunathe!

Padoko pali anthu ambiri. Onse avala nsalu yachikasu ya maluwa ofiira. Azakhali a Aliness ali pomwepo, atavala zoyera. Akhala akuyang'ana kunyanja. Maboti ambiri adutsa, koma a ku Swang'oma osaoneka.

Tsopano azakhali aona thanga. Aona chikasu. Aona maluwa ofiira.

"Ndi athu awo!" akukuwa azakhali. "Taonani, ngakhale boti lavala nsalu ya ukwati wanga!"

Anthu onse aseka. Amayi ena akuimba nthungululu. Anyamata alowa m'madzi. Akokera boti kumtunda.

Loyce wadumpha. Wathamangira azakhali ake. Koma wavala diresi lake lakale.

"Loyce, chitenje chako chili kuti?" akufunsa azakhali.

Loyce waloza m'mwamba. "Icho, azakhali. Chatibweretsa ndi chomwecho."

Abambo atsitsa thanga. Asomola ulusi pang'onopang'ono. Chitenje chili ndi timabowo ta singano. Chikununkha mphepo ya kunyanja. Loyce akuchita manyazi pang'ono.

Azakhali atenga chitenjecho. Agwada, ndi zoyera zawo zomwe. Amuveka Loyce okha.

"Zitenje zonse pano ndi zofanana," akutero azakhali. "Koma chako chokha ndicho chayendetsa boti. Tiye kutsogolo!"

Ng'oma zalira. Loyce akuvina. Akuvina kutsogolo kwenikweni! Amayi akuvina. Abambo akuvina. Ufulu akuvina atagwira chingwe cha mbuzi.

"Ufulu!" akukuwa Loyce. "Susu asayandikire diresi la azakhali!"

Ufulu wakoka chingwe msangamsanga. Lero saiwalanso.