Zimene Lyford Anasinthanitsa

Lyford Sakala anali ndi kakontena kokonzeramo mafoni pamsika wa Kapata ku Chipata. Anaphunzira za makompyuta, koma ntchito inamusowa. Iye ndi mkazi wake Vailet ankakhala m'nyumba ya atate ake, a Malcolm Sakala, mphunzitsi wopuma amene mkazi wawo anamwalira kalekale. Masiku ambiri ndiwo za pakhomopo zinkachokera m'kadimba ka akuluwo.

Kwa zaka ziwiri Lyford anakhala akupanga apu ya pafoni imene anaitcha Tisinthane. Nzeru yake inali yabwino. Wa nkhuku asinthane ndi wa njinga, wa chimanga ndi wa malata, popanda ndalama. Opita ku mwambo wa Ncwala apezane n'kukwera galimoto imodzi, alimi apangane tsiku lolimirana. Koma amene anaiika m'mafoni awo anali achibale ndi anzake a Vailet a kukwaya basi, ndipo nawonso sankaitsegula.

Tsiku lina Shepherd, amene kusukulu ankakopera masamu kwa Lyford, anaimika galimoto yatsopano pakontenapo kudzakonzetsa foni.

"Kodi kaapu kako kaja kadakalipo?" anafunsa akuseka. "Udzamera imvi ukusinthanitsa mbuzi ndi abakha, m'bale wanga."

Mawuwo anamudya Lyford sabata yonse. Anali atamvapo kwa makasitomala za mayi wina wa ku Kasenengwa amene ankakhwimitsa anthu a bizinesi. Loweruka m'mawa ananamiza Vailet kuti akukaphunzitsa alimi za apu, n'kukwera minibasi.

Mayiyo dzina lake anali Ketilina. Anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango akuswa mtedza. Sanali nkhalamba, ndipo pakhomopo panalibe nsupa kapena chilichonse choopsa. Anamvetsera nkhani yonse manja ake osaleka ntchito.

"Anthu abwera, mpaka foni yako izitentha," anatero mayiyo. "Koma iwe wamanga malo osinthanirana. Nawenso uzisinthana."

"Ndi chiyani, amayi? Ine ndilibe kanthu."

"Uli ndi anthu pakhomo."

"Magazi ayi, amayi. Ine ndinakulira mumpingo."

"Ndani wanena za magazi? Pa apu yakoyo pazibwera munthu wopanda chithunzi, dzina lake Mlendo. Azipempha kanthu ka m'nyumba mwanu. Kanthu chabe. Mwini wake azipereka yekha, mosakakamizidwa. Akatero zako ziziyenda."

"Nanga mwini kanthuyo zizimuthera bwanji?"

Ketilina analeka kuswa mtedza n'kumuyang'ana m'maso. "Ukufunadi kuti ndikuyankhe?"

Lyford anayang'ana pansi kanthawi. "Ayi, amayi."

Mayiyo anatenga foni ya Lyford, anachotsa chikuto chake, n'kuikamo kamuzu kokulungidwa ndi ulusi wakuda. Pomubwezera anati, "Chasinthidwa chasinthidwa. Usadzabwere kuno kudzalira."

Mwezi usanathe, msika wonse wa Kapata unali pa Tisinthane. Amayi ankasinthana mapoto ndi zitenje, achinyamata ankapangana za mpira, alimi a kumidzi ankabwerekana ngolo. Eni mashopu a mbewu ndi feteleza anayamba kulimbirana kuti malonda awo aoneke pa apuyo. Lyford anasiya kontena, anatsegula ofesi m'tauni, anagula galimoto yoposa ya Shepherd.

Kenako Mlendo anabwera. Uthenga wake unali waufupi: "Ndili ndi wailesi. Ndikufuna magalasi owerengera a aphunzitsi."

Lyford anazengereza masiku atatu, ndipo masiku atatuwo apu inkangozima. Tsiku lachinayi anakhala pafupi ndi atate ake pakhonde.

"Atate, magalasi anuwa akalamba. Pali munthu akuwafuna, atipatsa wailesi. Ine ndikugulirani atsopano."

A Sakala anawavula akumwetulira. "Tenga, mwana wanga. Nanenso ndilowe nawo m'zamakonozi."

Lyford anakawasiya pabenchi ya pasiteji ya minibasi monga mmene Mlendo ananenera. Atatembenuka kamodzi, magalasi panalibe, panali wailesi.

Magalasi atsopano sanathandize. Patapita milungu itatu a Sakala ankapapasa khoma popita kuchimbudzi. Lyford anapita nawo kwa madokotala mpaka ku Lusaka, koma onse anati maso alibe vuto looneka. Akuluwo anasiya kadimba kawo. Ankangokhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo.

"Ukanapanda kundibweretsera wailesiyi, bwenzi ndikutani ine?" ankatero. "Mulungu akudalitse, Lyford."

Akamva zimenezi Lyford chakudya chinkamukanika. Komabe sanachotse kamuzu kaja m'foni. Anadziuza kuti atate anali okalamba kale, maso akanafa ndithu.

Chaka chotsatira Mlendo anapempha buku la nyimbo la Vailet, amene ankatsogolera kwaya. Ulendo uno Lyford sakanatha kunena kuti sakudziwa. Anaganiza za ofesi, za anthu amene anawalemba ntchito, za nyumba imene ankamanga ku Kalongwezi. Anamuuza Vailet kuti pali mayi wina wosauka amene akufuna bukulo. Vailet anapereka mokondwa. Lamlungu lachiwiri mawu ake anasasa pakati pa nyimbo, ndipo sanabwererenso. Kuyambira pamenepo ankalankhula monong'ona.

Lyford anamugulira madiresi, firiji ndi foni yodula. Vailet ankauza anzake kuti mwamuna wachikondi ngati wake kulibe.

Patapita nthawi Vailet anaima. Anali atadikira zaka zisanu. Analuka shawelo yoyera ndi manja ake, n'kuiika m'sutikesi pamodzi ndi timalaya ta mwana. Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, uthenga unafika pafoni ya Lyford ali kuofesi: "Ndili ndi beseni losambitsira mwana. Ndikufuna shawelo yoyera."

Lyford anatsegula kompyuta yake msangamsanga. Anafufuta dzina la Mlendo mu apu, koma linabwerera. Anafufutanso, linabwereranso. Anachotsa kamuzu kaja n'kukaponya m'ngalande, kenako anathamangitsa galimoto mpaka ku Kasenengwa.

"Amayi, tengani zonse. Galimoto iyi, nyumba, ofesi. Tengani maso anga, tengani moyo wanga."

"Zako sazifuna," anatero Ketilina. "Ndinakufunsa ngati ukufuna yankho. Unati chiyani?"

"Ndiye ndikana. Apu ife ngati ikufa. Shaweloyo sindipereka."

"Kodi ndi yako?"

Lyford anakumbukira kuti Vailet nayenso ali pa apuyo. Kenako anathamangira kugalimoto. Anaimba foni ya Vailet njira yonse, koma sinkalowa.

Anamupeza pabwalo akutsuka beseni latsopano labuluu, nkhope ili yowala.

"Amuna anga, taonani," ananong'ona Vailet. "Munthu wina wandilembera pa apu yanu ija. Amafuna shawelo, ine ndimafuna beseni. Ndiluka ina, nthawi ilipo. Mwatani?"

Mawa lake Vailet anati mwana sakugunda m'mimba. Kuchipatala anabereka mwana wamkazi wakufa kale.

Mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete. Iwo atanyamuka, Lyford anatsala pakhonde ndi atate ake. A Sakala anapapasa mpaka anapeza dzanja lake.

"Limba mtima, mwana wanga. Palibe chimene ukanachita."

Pamenepo Lyford analephera kupirira. Anagwada n'kunena zonse: za Ketilina, za magalasi, za buku la nyimbo, za shawelo. A Sakala anamvetsera osamudula. Pang'onopang'ono anabweza dzanja lawo.

"Pamene unkandipempha magalasi, unkadziwa?"

"Sindinafune kufunsa, atate."

"Ndiye kuti unkadziwa." Kenako anapitiriza kuti, "Ine ndakalamba, za maso anga zisiye. Koma mwana wa eni uja ukamuuze wekha, ndi pakamwa pako."

Lyford anamuuza Vailet patapita masiku awiri. Vailet sanalire, sanatukwane. Anangomufunsa ndi timawu take tija, "Buku lija, mayi wosauka uja kunalibe?" Lyford atapukusa mutu, Vailet analongedza zovala zimene anabwera nazo pa ukwati, n'kusiya zina zonse. Achimwene ake anabwera kudzamutenga kupita kwawo ku Mtenguleni.

Apu inafa mwezi womwewo. Anthu ankati akatsegula ankangoona mdima, ndipo anaichotsa m'mafoni. Ofesi inatsekedwa, nyumba ya ku Kalongwezi inathera pamawindo. A Sakala anatengedwa ndi mlongo wawo. Lyford anayamba kulankhula yekha, kenako anasiya kusamba. Lero mukadutsa pa Kapata mudzamuona atabereka mtolo wa nsanza ndi chitenje, akuyenda pang'onopang'ono, akuuza oimba mahutala a galimoto kuti achepetse phokoso chifukwa mwana wagona.

Lyford anali ndi nzeru, ndipo chimene anapanga chikanatha kukula pa nthawi yake. Chinamuwononga ndi dyera komanso nsanje. Munthu amene akufuna chuma chamsanga kudzera m'zizimba adziwe kuti mtengo wake salipira yekha. Amalipira ndi anthu amene amamukonda, ndipo amalipira asakudziwa.